Sabata yosakira mnzathu nyumba ku Lisbon

Pakampani pathu palibe amene ali ndi desiki yakeyake. Timapanga mapulogalamu a pakompyuta, ndipo aliyense amagwirira ntchito komwe ali, bola intaneti ikhalepo. Ine ndili ku mbali yoona za ogwira ntchito, ndiye munthu akati akufuna kukakhala kunja kwa miyezi ingapo uku ntchito ikuyenda, nkhani ya nyumba imagwera ine. Sabata yathayi yathera pa munthu mmodzi, mayi amene amatsogolera gulu lathu lothandiza makasitomala. Akupita ku Lisbon, likulu la dziko la Portugal, kuyambira Januwale mpaka Epulo.

Lolemba ananditumizira nyumba zomwe anazikonda pa Airbnb, webusayiti yomwe anthu amapezerapo nyumba za lendi za alendo. Zonse zinali za khonde loyang'ana madenga ofiira ndi mtsinje wa Tejo chapatali, zambiri za m'madera a mumzindawu otchedwa Alfama ndi Bairro Alto. Ndisanatsegule n'chimodzi chomwe, ndinawafunsa kaye nthawi yomwe azidzagwira ntchito. Makasitomala awo ambiri ali ku Toronto ku Canada, komwe nthawi ili m'mbuyo ndi maola 5. Kumeneko ikamakwana 9 koloko m'mawa, ku Lisbon imakhala 2 koloko masana, ndipo kumeneko akamaweruka, ku Lisbon ndi 10 koloko usiku. Bairro Alto ndi dera la malo omwera mowa. Masana kumakhala zii, koma nthawi yomwe mayiwa azidzakhala pa foni ndi kasitomala wokwiya ndi yomwe anthu amayamba kudzaza m'timisewu timeneto, matambula ali m'manja.

"Amayi, nyumbazi n'zabwino kwa munthu wopita kokapuma," ndinawauza. "Inu mukanyamula ofesi."

"Achimwene, ndiye mukufuna mundiike m'chipinda chopanda zenera?"

Tinaseka, koma Bairro Alto tinamufufuta pomwepo.

Lachiwiri ndi Lachitatu ndinalimbana ndi intaneti, chifukwa apa m'pamene anthu ambiri amagwa. Mwininyumba aliyense amalemba kuti "wifi yothamanga", ndipo ena amaikapo nambala yaikulu ndithu. Nambala imeneyo kawirikawiri imakhala ya liwiro lolandirira, lomwe limathandiza poonera filimu. Munthu wa misonkhano ya pavidiyo amadalira kwambiri liwiro lotumizira, chifukwa nkhope yake ndi mawu ake ndi zomwe zikutuluka m'nyumbamo. A Zoom amanena kuti msonkhano wa gulu wa chithunzi chooneka bwino kwambiri umafuna pafupifupi 3.8 Mbps (muyeso wa liwiro la intaneti) potumiza. Si zambiri ayi. Vuto limakhala kukhazikika kwake. Intaneti yomwe imathamanga mphindi ino n'kudukiza mphindi inayo ndi yoipa kuposa yoyenda pang'onopang'ono koma yosasintha.

Choncho ndinalembera eninyumba uthenga umodzimodzi, wopempha zinthu zomwe munthu angachite m'mphindi zochepa. Atsegule Speedtest kapena fast.com, mawebusayiti oyezera liwiro la intaneti, atakhala pa tebulo lomwe mlendo azidzagwirirapo ntchito, osati ataimirira pafupi ndi rauta (kabokosi kofalitsa wifi m'nyumba), achite zimenezi madzulo, kenako anditumizire chithunzi cha zotsatira. Ajambulenso rautayo pomwe ili. Chithunzi chachiwirichi chimaulula zambiri kuposa choyamba. Nyumba zakale za ku Lisbon, makamaka ku Alfama komwe mbali yaikulu inapulumuka chivomezi cha mu 1755, zili ndi makoma ochindikala. Wifi ili ndi mitundu iwiri: ya 5 GHz imathamanga, koma siboola bwino makoma otere. Ya 2.4 GHz imafika patali, koma imapanikizana ndi za oyandikana nawo. Rauta ikakhala kuseri kwa TV pabalaza, tebulo lili kuchipinda cha kumapeto, nambala yaikulu ija imakhala yongokongoletsa.

Mwininyumba wina anayankha mwaulemu kwambiri, koma chithunzi cha rauta sichinabwere. Nditafunsanso, anavomera kuti rauta ili m'nyumba ya pansi ndipo alendo a nyumba zingapo amagwiritsa ntchito imodzi yomweyo. Ndiye kuti ikazima pakati pa msonkhano, mayiwa sangathe ngakhale kuizimitsa n'kuiyatsanso, angodikira kuti wa pansiyo abwere kuchokera komwe wapita. Nyumbayo inali yokongola kuposa zonse. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wina sanayankhe n'komwe. Ameneyo sindimuwerengera ngati wotanganidwa. Munthu amene akulephera kuyankha pamene ndalama zili m'thumba mwathu, adzayankha bwanji gizala itafa titalipira kale? Wachitatu, bambo wachikulire wa nyumba ya ku Arroios, dera lina la mu Lisbon, anatumiza zithunzi zonse ziwiri, n'kuwonjezera chachitatu chomwe sindinapemphe: kumbuyo kwa rauta, kuonetsa kuti pali mabowo olowetsa waya. Ameneyo anali atakhalapo kale ndi alendo ogwira ntchito, zinachita kuonekeratu.

Za mpando ndinene mwachidule, ngakhale zimandipsetsa mtima. Pa Airbnb pali poti mwininyumba achongepo kuti ali ndi malo ogwirirapo ntchito. Ambiri amachonga, kenako pa chithunzi umaona kashelefu kopanikizidwa pakona ndi kampando kopanda choyedzamira. Pamenepo munthu angalembepo positikhadi, osati kukhalapo maola 8 tsiku lililonse kwa miyezi 4. Ndimakulitsa chithunzi n'kuyang'ana kutalika kwa tebulo, msana wa mpando, ndi pomwe pali soketi. Zenera likakhala kumbuyo kwa mpando, nkhope imada pa kamera.

Lachinayi ndinafunsa za kuzizira, ndipo mayiwa anadabwa. Portugal amatchuka ndi dzuwa, koma Januwale ndi nyengo yozizira ndi yamvula, ndipo nyumba zambiri zakale zilibe zotenthetsera nyumba yonse. M'kati mumazizira, makoma amagwira chinyontho, nthawi zina mpaka chuku. Eninyumba amangoika hita ya magetsi, ndipo apa pamabuka china. Ku Portugal nyumba iliyonse imalembetsa mlingo wa mphamvu ya magetsi yomwe ingakoke nthawi imodzi, ndipo tinyumba tambiri tili pa mlingo wotsika wa 3.45 kVA. Hita ikuyaka, wina n'kuyatsa ketulo, magetsi amathima nyumba yonse, rauta nayo n'kuzima. Laputopu imapitirira ndi batire, koma msonkhano umakhala waduka. Bambo a ku Arroios aja anati yawo ili pa 6.9 kVA. Ndinawafunsanso ngati magetsi ali m'kati mwa lendi kapena pali malire, poti ena amaika malire a pamwezi ndipo zapamwamba amalipiritsa mlendo.

Tsiku lomwelo ndinaona za mapepala. Munthu wongocheza amaloledwa kukhala m'mayiko a Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya lomwe Portugal ilimo, masiku 90 pa masiku 180 aliwonse, ndiye miyezi 4 sikwana m'menemo. Mayiwa akupempha viza ya ogwira ntchito za pa intaneti yomwe Portugal inayambitsa mu Okutobala 2022, imene imafuna kuti wopemphayo azilandira ndalama zochuluka kanayi kuposa malipiro otsikitsitsa a dzikolo. Popempha pamafunikanso umboni wa komwe akakhale, kotero nyumba yopanda mapepala olongosoka siingatithandize. Nyumba za alendo ku Portugal zimalembetsedwa ngati Alojamento Local, ndipo nambala yake imayenera kuoneka pa malonda a nyumbayo. Ndimaifunsa nthawi zonse. Mizinda yambiri yayamba kukhwimitsa malamulo chifukwa eni mzinda akusowa pokhala. New York inakhwimitsa mu 2023, ndipo Barcelona inalengeza mu 2024 kuti ziphaso za nyumba zoterezi zidzatha mu 2028. Kunena zoona, madandaulo a anthu a m'mizindayi ndimawamvetsa, ndipo n'chifukwa china chomwe ndimakondera madera omwe anthu wamba akukhalamobe kusiyana ndi omwe anasanduka a alendo okhaokha.

Lachisanu tinakangana pang'ono ndi abwana a za chuma. Ukabuka masiku 28 kapena kupitirira, eninyumba ambiri amatsitsa mtengo, ndipo abwanawo anaona kutsikako basi. Ine ndinawakumbutsa kuti pa masiku omwewo malamulo obweza ndalama amasinthanso: ukasintha maganizo mochedwa, ndalama za mwezi woyamba nthawi zambiri sizibwerera. Nanga viza ikachedwa kutuluka?

"Ndiye mukuti titani, poti a kazembe akufuna umboni wa nyumba?" anafunsa.

Ndinawaonetsa kuti nyumba ya ku Arroios imabweza ndalama zonse ngati tauza mwiniwake kutatsala mwezi wathunthu, ndipo tsiku limenelo ndalilemba pa kalendala ya tonse atatu. Anavomera, ngakhale anadandaula kuti inali yodulirapo kuposa ya rauta yobwerekana ija.

Nyumbayo ilibe khonde loyang'ana mtsinje. Ili pansanjika yachiwiri, mazenera ake ndi a magalasi awiri ophatikiza, ndipo chipinda chogwiriramo ntchito chayang'ana kuseri, kosadutsa galimoto. Mayiwa anaiyang'ana kwa kanthawi n'kunena kuti mpandowo ndi wonyansa koma ukuoneka kuti ngwabwino kumsana. Ndawalembera zoti agule asananyamuke: waya wautali wolumikizira laputopu ku rauta, adaputala ya mapulagi a mano awiri obulungira omwe amagwira ku Portugal, ndi simu ya kumeneko akangofika, kuti foni izitha kupereka intaneti tsiku lomwe ya m'nyumba yavuta. Lolemba likubwerali ndikuyamba za mnyamata wina amene akufuna Mexico City.