Kumaunta madisiki ndi mafayilo a ISO popanda kutsegula Terminal

Amalawi anzanga ambiri amene ndimawaikira Linux pa makompyuta akale kuno ku Johannesburg sadandaula akamalemba makalata kapena kuonera mavidiyo. Mantha amayamba tsiku limene alowetsa fulashi kapena hadi disiki yakunja, wina n'kuwalangiza kuti atsegule Terminal, pulogalamu yolamulira kompyuta polemba mawu, alembe malamulo. Ine ndimaona kuti munthu amene akungofuna zithunzi zake sayenera kuyambira pamenepo, pakuti mapulogalamu odina ndi mausi alipo, ndipo ubwino wake waukulu ndi wakuti amakuonetsani disiki imene mukufuna kuigwira musanaiwononge.

Windows imapatsa disiki iliyonse chilembo, monga C, D kapena E, pomwe Linux imailumikiza ku foda, ndipo kumaunta n'kumeneko. Foda imeneyi imapezeka mu /media kapena mu /run/media pansi pa dzina lanu, malinga ndi mtundu wa Linux umene muli nawo. Ntchitoyi imagwiridwa mwakachetechete ndi kapulogalamu kotchedwa udisks2, ndipo mukadina dzina la fulashi mu pulogalamu yoonera mafayilo, kaya Files ya GNOME, Dolphin ya KDE kapena Thunar ya Xfce (GNOME, KDE ndi Xfce ndi maonekedwe osiyanasiyana a Linux), mapulogalamuwo amangokatuma.

Pulogalamu imene ndimaikhulupirira kwambiri ndi GNOME Disks, imene imabwera kale mu Ubuntu, mtundu wa Linux umene Mark Shuttleworth wa kuno ku South Africa anauyambitsa mu 2004. Mukaitsegula, kumanzere mumaona mndandanda wa madisiki onse, aliyense ndi kukula kwake ndi dzina la kampani imene inaipanga, ndipo kumanja zigawo za disikiyo zimajambulidwa ngati timabokosi. Pansi pake pali kabatani ka makona atatu komauntira, kamene kamasanduka ka makona anayi disiki ikalumikizidwa. Mu Terminal madisiki amadziwika ndi mayina ngati sdb ndi sdc, osiyana chilembo chimodzi chokha, koma apa n'kovuta kusokoneza fulashi ya 16 GB ndi hadi disiki ya 1 TB imene muli mavidiyo a ukwati wa mlongo wanu. Pulogalamu yomweyi imawerenganso SMART, uthenga umene disiki imasunga wonena za thanzi lake, ndipo ine sindigula disiki yakale kumisika ya m'tauni ndisanaone zimenezi.

Amene akufuna kuti disiki izidzilumikiza yokha kompyuta ikayaka asankhe Edit Mount Options. Adziwe kuti zimene asintha pamenepo zimakalembedwa mu fayilo ya /etc/fstab, ndipo asafufute mawu akuti nofail amene pulogalamuyi imaikamo, chifukwa popanda mawuwo kompyuta ikhoza kuima panjira poyaka ngati disikiyo yachotsedwa.

Fayilo ya ISO ndi CD kapena DVD yathunthu yosungidwa ngati fayilo imodzi, ndipo dzinali linachokera ku muyezo wa ISO 9660 wa mu 1988. Windows inayamba kutsegula yokha mafayilowa mu 2012 ndi Windows 8, kale tinkadalira pulogalamu ya Daemon Tools. Pa GNOME mumadina fayiloyo ndi batani lakumanja la mausi n'kusankha Disk Image Mounter, ndipo imaonekera pambali ngati mwalowetsa CD yeniyeni. Mutha kuwerenga ndi kukopera zimene zili m'katimo, koma simungasinthe kanthu. Mafayilo akale a BIN ndi CUE kapena NRG amafuna mapulogalamu a CDEmu ndi gCDEmu, ngakhale masiku ano mafayilo oterewa sapezekapezeka.

Apa pali malo amodzi ofunika kusamala. Mu GNOME Disks momwemo muli Attach Disk Image ndi Restore Disk Image, mayina ooneka ngati apachibale. Loyambalo limangotsegula ISO kuti muione, pomwe lachiwirilo limalemba ISO pa fulashi n'kufufuta zonse zimene zinalipo. Pulogalamuyi imachenjeza ndi kutchula dzina la disiki isanayambe, choncho werengani chenjezolo mpaka kumapeto.

Disiki ikalumikizidwa koma n'kumakana kulandira mafayilo, vuto nthawi zambiri silikhala la pulogalamu. Chigawo cha NTFS (kasungidwe ka mafayilo ka Windows) chimene Windows inachisiya itazima ndi Fast Startup, njira yake yoyakira msanga, chimatsegulidwa chowerenga chokha, ndipo mankhwala ake n'kubwerera ku Windows n'kuzimitsa Fast Startup. Disiki ya kasungidwe kakale ka FAT32 nayo siilandira fayilo yoposa 4 GB, nkhani imene imawakhudza otumiza mavidiyo a zikwati ndi misonkhano ya mpingo pa basi yodutsa ku Beitbridge ndi ku Tete. Ine ndimalangiza exFAT, imene imalandira mafayilo akuluakulu ndipo inalowa mu Linux 5.4 mu 2019, koma yambani mwafunsa akumudzi ngati TV yawo imaiwerenga, poti zina zakale zimadziwa FAT32 yokha.

Mukamaliza kukopera musasolole fulashi msanga. Linux imayamba yasunga zina mu memore n'kumazilemba pang'onopang'ono, moti sikirini ikhoza kuonetsa kuti zatha pamene ntchito ikadali m'kati. Kwa ife amene magetsi amatithimira kawirikawiri, disiki yakunja siyenera kukhala yolumikizidwa tsiku lonse popanda chifukwa. Dinani Eject mu Files, kapena batani lozimitsira disiki pamwamba pa GNOME Disks, ndipo dikirani mpaka dzina lake litachoka pa mndandanda musanasolole chingwe.