Musanyamuke ndi guia yopanda chidindo

Amayi anga aonana ndi dotolo tsopano, mankhwala a tensau (kuthamanga kwa magazi) awasinthira, ndipo miyendo yayamba kuphwa. Ndikulemba mtima usanazizire, chifukwa anthu ambiri a kuno ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Macanga akuyenda njira yomweyi ndi odwala awo.

Poyambira ndi pa centro de saúde, chipatala chaching'ono cha kwanu komweko. Namwino akaona kuti matenda amuposa, amalemba guia yokutumizani ku chipatala chokulirapo, ndipo nacho chikalephera ndiye mumapita ku chipatala cha chigawo ku Tete. Popanda pepalali simulowa ku consulta externa, koonana ndi dotolo osagonekedwa, pokhapokha ngati wodwala wafika ali kayakaya, pamenepo ndi ku banco de socorros, kolandirira odwala mwadzidzidzi. Akakupatsani guia, iyang'aneni musanatuluke pakhomo: dzina la wodwala lifanane ndi la pa BI (chitupa), deti likhalepo, siginecha ikhalepo, chidindo chikhalepo.

Yathu inalibe chidindo. Amene amasunga chidindo anali atachokapo, ndipo anatiuza kuti pitani, akakulandirani. Tinakwera chapa kusanache, amayi atapanikizika pakati pa matumba a mbatatesi, miyendo yotupa ija ilibe poiwongolera. Pofika pa zenera la chipatala chomwe anatitumizako, bambo wa pamenepo anangotembenuza pepala nati, "Ichi sichigwira ntchito." Ndinawapempha kuti, "Bambo, chonde imbani foni kumene tachokera, akuuzani kuti ndi lawo." Anati si ntchito yawo. Foni ili m'thumba mwawo, nambala ya centro ili papepala pomwepo. Tsiku lonse linapita, ndalama ya chapa ya anthu awiri inapita, kumunda sikunapitidwe.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya senha, nambala ya pamzere woonana ndi dotolo. Manambala amagawidwa m'mamawa, ndipo ndi owerengeka. Amene amakhala pafupi ndi chipatala amadzuka, kuyenda pang'ono, n'kutenga nambala. Ife a kutali, ngakhale titanyamuka tambala woyamba asanalire, chapa sinyamuka isanadzaze, ndiye timafika manambala atatha. Ogwira ntchito za boma amayamba 7:30 n'kuweruka 15:30, koma pa zenera lija zinthu zinali zitatsekedwa dzuwa lisanafike pamutu. Apa vuto si kusowa kwa mankhwala kapena kuchepa kwa madotolo, ngakhale zimenezo ziliponso. Apa ndi kayendetsedwe ka chipatala basi. Wamkulu wa chipatala atangolamula kuti manambala ena azisungidwira obwera ndi guia kuchokera kumidzi, sipafunika ngakhale metical imodzi yowonjezera. Ndi chifukwa chake anthu a m'malire amangowoloka kupita ku Dedza kapena ku Ntcheu, osati poti sakonda dziko lawo.

Za ndalama ndinene, poti ena amaopsezedwa nazo. M'zipatala zazing'ono za boma kuonana ndi namwino ndi metical 1, mankhwala a pa receita ndi meticais 5. Wina akakunong'onezani kuti perekani kangachepe ka refresco kuti mudutse msanga, si malamulo amenewo, ndipo wodutsa chotero amadutsa pamutu pa gogo amene wakhala pa benchi chiyambire m'mawa. Lamulo nambala 3/2014 loteteza okalamba limati munthu wa zaka 60 kupita m'tsogolo azithandizidwa patsogolo. Amayi apitirira zaka zimenezo, koma palibe anawaitana. Nenani nokha mwaulemu, BI ili m'manja.

Ndabwereranso pa guia ija. Titaibweza ku centro kuti aidinde, namwino wachitsikana amene tinamupeza anachita chinthu chabwino kwambiri. Analemba kuseri kwa pepala manambala onse a tensau amene anawayeza miyezi yapitayi, ndi mayina a mapiritsi amene amayi ankamwa. Dotolo atawona zimenezo sanachedwe n'komwe. Pemphani kuti akulembereni chimodzimodzi, ndipo tengani mapaketi akale a mankhwala, ngakhale opanda kanthu.

Ulendo wotsatira tinakagona kwa achibale pafupi ndi chipatala kuti tipeze nambala. Tinadutsa pa triagem, anawayeza, tinadikira, tinalowa. Anatitumiza ku laboratório kukatenga magazi ndi mkodzo, ndipo apa funsani msanga ngati wodwala ayenera kubwera asanadye, chifukwa ena anabwezedwa atamwa phala. Ku farmácia mankhwala amodzi analipo, ena tinakagula kunja pamtengo wokwera.

Ndisanachoke ndinalowa ku Gabinete do Utente, ofesi yolandira madandaulo a odwala. Ambiri amaiopa, akuti akudziwa nkhope ndipo mawa sakuthandiza. Ine ndinalowa, ndinafotokoza za chidindo ndi za manambala, amayi a mmenemo analemba m'buku. Ndikatengeranso nkhaniyi ku komiti ya co-gestão ya centro yathu, kumene kumakhala anthu a m'mudzi pamodzi ndi azaumoyo, kuti chidindo chisamachoke limodzi ndi munthu mmodzi.

Deti lobwereranso aliike pa khadi la wodwala, osati kungokuuzani pakamwa. Jambulani khadilo ndi guia yomwe pa foni, ndipo musanakwere chapa onaninso ngati chidindo chilipo.