Za dikoda ija, ndimveni kaye

Popeza nkhaniyi yafika kale pa gulu la WhatsApp itathiridwa mchere ndi tsabola, bola ndiifotokoze ndekha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ine ndinaona kuti zolipira TV mwezi ndi mwezi zikundidyera ndalama ya ndiwo, ndiye ndinatsikira ku Limbe nkukagula dikoda ya free to air, yolipira kamodzi basi, kumbuyo ili ndi pobayira flash. Mnyamata wogulitsa anachita kulumbira kuti biggie iyi imajambula yokha, inu mungoitchera nthawi nkumapita kokayenda. Ndipo sananame ayi, imajambuladi.

Tsiku la Bullets ndi Wanderers pa Kamuzu Stadium linagundana ndi chinkhoswe cha kuchikazi, chosathawika. Mpira ankaonetsa pa TV ya konkuno, ndiye ndinatchera 14:30, kubaya flash, nkuuza anyamata kuti aliyense azimitse foni, wailesi osayandikira, madzulo tidzaonere kwathu ngati live. Alamu anga anayenda ulendo wonse mu minibasi zala zili m'makutu kuopa kondakitala.

Madzulo kanyenya ali pa mbale, zakumwa zazizira, ine ndakhala pampando wa bambo wa nyumba rimoti m'manja, ndadina. Chinatuluka ndi bambo wina wovala magambuti ataima pambali pa mulu wa ndowe.

Ndinati ndi malonda awa, dikirani. Bambo aja anayamba kufotokoza kapangidwe ka manyowa a Mbeya, mutenge ndowe zouma, madeya, phulusa, feteleza pang'ono, muwaze madzi, musakanize bwinobwino. Tonse chete. Anasakaniza. Anasakanizanso. Kamera inachita kuyandikira kuti ndowe zija tizione bwino, ife nyama ili kukamwa. Wina wavala jezi yofiira, wina yabuluu ndi vuvuzela pamwendo, maso onse pa fosholo. Atafika poti mumange m'thumba la pulasitiki mudikire masiku 21, wa vuvuzela uja anafunsa mwaulemu kuti aise, mpirawo uyamba akatha masiku 21 omwewo?

Ndinathamangitsa kutsogolo, kunabwera kwaya. Kutsogolo kwake nkhani za m'Chitumbuka. Mpira olo kona imodzi.

Tsono inu amene mukuti sindidziwa kutchera, mvetserani. Wotchi ya dikoda ija inabwera ili pa GMT, pomwe ife kuno tili patsogolo ndi maola awiri, ndiye 14:30 yake inali 16:30 yathu, anthu akutuluka kale mu stadium. Malo osinthira alipo, koma anawabisa mkati mwa menyu mwa menyu ina, ndipo kabuku kake zilembo zake nzoti uwerenge ndi galasi la ku labu. Inuyo mukanadziwa? Komanso palibe amene akuwerengera kuti miyezi yonseyi sindinalipire olo 1 tambala, zimenezo pa gulu paja simukulemba.

Zigoli tinamva kwa mlonda wa pa neba, anangotiuza ulere tisanamufunse nkomwe. Madamu sanayankhule kanthu, anangotolera mbale akung'ung'udza kanyimbo ka ku chinkhoswe.

Alamu anabwereka flash ija akuti akaonetse anthu kumudzi ku Thyolo za Mbeya zija, mpaka pano sanabweze. Ndiye amene akupita chakumeneko andiuzeko.