Tinakamupeza Pazuzu ali mlonda wa amayi oyembekezera

Tinanyamuka ku Leicester Loweruka m'mamawa, anthu asanu ndi awiri a m'gulu lathu lomwe limakumana kawiri pamwezi kusewera Dungeons & Dragons, masewera a pagome omwe osewera amakhala anthu a m'nthano n'kumaponya madayisi. Ine ndiye woyendetsa nthano. Kwa miyezi inayi anzangawa akhala akulimbana m'nthanomo ndi opembedza chiwanda chotchedwa Orcus, ndipo tsiku lina alamu anga anandifunsa masewera ali mkati kuti, "Kodi alamu, ziwanda zanuzi anangozipeka anthu a ku America, kapena zili ndi kwawo?" Ndinachita chibwibwi. Basi tinapangana zokazisaka ku British Museum, nyumba yosungira zinthu zakale ya ku London, poti pakhomo salipiritsa.

Kwa amene simumudziwa, Orcus analowa m'masewerawa mu 1976, patangotha zaka ziwiri Gary Gygax ndi Dave Arneson atawatulutsa. Ndi chimunthu cha chimimba, nyanga kumutu, mapiko a mleme, m'manja ndodo yokhala ndi chigaza kunsonga. Ndiye mfumu ya akufa oyendayenda. Pagome pathu timangoti ndondocha, ngakhale za kumudzi amati zimagwirira ntchito mwiniwake usiku, pomwe za Orcus ntchito yake ndi kupha basi. Dzinalo anabwereka kwa Aroma, kumene Orcus anali mulungu wa kumanda wolanga oswa malumbiro. Nalo dziko lake, Thanatos, ndi dzina la imfa kwa Agiriki.

Sitima inatitsitsa pa St Pancras, tinakokana wapansi mpaka ku Great Russell Street, n'kukaima pamzere wosecha zikwama. Kuzipinda za mitembo ya ku Egypt tinangosuzumirako, anthu anali pikitipikiti.

Kumene tinakhalitsa ndi chipinda 56, cha Mesopotamia. Choyamba kutiimitsa sichinali chiwanda ayi, koma bolodi la masewera lomwe katswiri wa zinthu zakale Leonard Woolley anafukula m'manda a mafumu mumzinda wakale wa Ur, la zaka pafupifupi 4,600. Madayisi ake ndi a mbali zinayi, ofanana ndi kadayisi kathu kaja timakapondaponda kakagwa pansi n'kutibaya kuphazi. Mnzathu wina anatulutsa kake m'thumba n'kukayandikiza pagalasi. Tinaseka mpaka anthu kutembenuka.

Chapafupi pali chosema cha dongo chomwe amachitcha Mfumukazi ya Usiku: mayi wamapiko, mapazi a mbalame yolusa, ataponda mikango iwiri, akadzidzi uku ndi uku. Akatswiri mpaka lero sagwirizana. Ena amati ndi mulungu wamkazi Ishtar, ena Ereshkigal, mchemwali wake wolamulira dziko la akufa. Apa ndi pamene achemwali athu amene amawerenga kuposa tonsefe anatikumbutsa kuti m'nthano ya ku Mesopotamia, Ishtar atafika pachipata cha kumandako anaopseza mlonda kuti akapanda kumutsegulira adzutsa akufa kuti adye amoyo, ndipo akufawo adzachuluka kuposa amoyo. Ndinamva tsitsi kuyima. Zomwe ndakhala ndikuwaopseza nazo anzanga monga nzeru za Orcus, anthu anazilemba padongo Yesu asanabadwe.

Koma amene anandisokoneza mutu ndi Pazuzu. M'masewera athu iyeyu ndi mkulu wa ziwanda za mumlengalenga, wonyenga, wokola aliyense womutchula dzina katatu. Ndinkayembekezera chifanizo chachikulu choopsa. Tinapeza kamutu koti n'kukwana m'manja, maso otong'oka, mano pamtunda ngati galu wolusa. Anthu a ku Asuri ndi Babulo ankavala timitu totere m'khosi, makamaka amayi oyembekezera, pofuna kuthamangitsa Lamashtu, chiwanda chachikazi chomwe ankati chimapha makanda ndi kuchotsa mimba. Kunena mwachidule, chinali chithumwa. Mfumu ya mphepo zoipa anaisandutsa mlonda wa pachikuta.

Tinakangana mpaka pa nkhomaliro. Alamu aja amati olemba masewera sanalakwe, chiwanda ndi chiwanda. Ine ndikuona kuti anataya mbali yokoma. Anangotola dzina ndi mapiko, n'kusiya mayi uja wogwira kamutu kachiwanda pachifuwa usiku mwana akutentha thupi. Opanga Pathfinder, masewera ena ofanana ndi athuwa, anayesako, poti kwawoko Pazuzu ndi Lamashtu akadali pachidani, koma onse awiri ndi oipa basi.

Pobwerera, anzanga akuwodzera m'sitima, ndinatulutsa kope n'kufafaniza zomwe ndinakonza za masewera otsatira. Mudzi womwe ndondocha za Orcus zauzinga tsopano uli ndi mzamba wokalamba, ndipo pakhomo pa nyumba yake pakulendewera kamutu ka mkuwa. Wansembe wa gulu lathu m'nthanoyi, amene ndi alamu omwewo, analumbira zophwanya fano lililonse la chiwanda lomwe angalipeze. M'nyumbamo muli makanda atatu.