Zikomo achemwali, mlendo wa masiku anayi wakhala masabata asanu

Ndikulemba mawu awa ndili pa bwalo la ndege, nditakhala pa mpando wamatayala umene andikankhirapo mpaka pachipata chokwerera, ndipo ngakhale thupi langa latopa kwambiri, sindikufuna kuchoka mumzinda uno ndisanathokoze. Ambiri a inu mukudziwa kale zimene zinandigwera, choncho sindibwereza zonse. Ndinabwera kudzacheza masiku anayi okha kwa mnzanga amene tinaphunzira limodzi, amene ndimamutcha achemwali, koma usiku wachitatu m'mimba munayamba kupweteka cha pamchombo, ululu n'kutsikira m'munsi cha kumanja, ndipo pofika m'mawa madokotala anali atapeza kuti apendikisi, kathumbo kakang'ono ka m'mimba, yaphulika, n'kundichita opaleshoni. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma ine ndakhala pakhomo pa eni ake masabata asanu athunthu, ndipo palibe tsiku limene ndinaona nkhope yosonyeza kuti ndachedwa kuchoka.

Achemwali, lero munadzuka kusanache. Nditatuluka kuchipinda ndinakupezani pabalaza mwaima pa kasikelo kapansi mutanyamula sutikesi yanga, kenaka munaitsitsa n'kudziyeza nokha kuti muchotsere kulemera kwanu, popeza tikiti yanga imalola makilogalamu 23 okha. Munapeza kuti katundu wapyola pang'ono, ndipo munayamba kutulutsa zovala chimodzichimodzi, mukundifunsa kuti ndi chiti chimene ndingasiye. Nditawerama kuti ndikuthandizeni munandiletsa, n'kundikumbutsa mawu a dokotala akuti ndisanyamule cholemera kwa masabata angapo kufikira minofu ya pamimba itagwirana bwino. Ndinakhala pampando n'kumangokuyang'anani mukupinda zovala zanga, ndipo ndinakumbukira kuti ndi manja omwewo amene anandigwirira beseni pamene ndinkasanza m'galimoto usiku uja, amenenso ankandisambitsa pamene sindinkatha kukweza mwendo.

Titatero tinapita kuchipatala komaliza. Dokotala anaona bala, anakanikiza pamimba mbali zonse, anaonanso zotsatira za magazi n'kunena kuti matenda amene anafalikira m'mimba chifukwa cha kuphulika kuja atha. Ndipamene anasayina kalata yondiloleza kukwera ndege. Ena a inu munkandifunsa chifukwa chimene sindinabwerere msanga nditangotuluka m'chipatala, ndipo ndiyankhe pano monga anandifotokozera. Pochita opaleshoni ya m'mimba mumatsala mpweya umene thupi limachotsa pang'onopang'ono, ndipo ndege ikakwera m'mwamba, mpweya wa m'kati mwake umapepuka ngati wa pamwamba pa phiri lotalika mamita pafupifupi 2,400, choncho mpweya wotsala m'mimba uja umafufuma n'kukoka pamene anasoka. Kuwonjezera apo, munthu amene wangochitidwa opaleshoni akakhala malo amodzi kwa maola ambiri, magazi amatha kuundana m'mitsempha ya m'miyendo. N'chifukwa chake anandiuza kuti ndidikire masiku 10 poyamba, ndipo bala litayamba kutuluka mafinya masikuwo anawonjezeka. Inu achemwali munamvetsera zonsezi kuposa ine wodwala, munazilemba m'kabuku kanu, ndipo ndinu amene munandigulira masokosi othina amene ndavala panopa, n'kundilamula kuti ndizidzuka kuyendayenda m'ndege ndi kumwa madzi pafupipafupi.

Pali envelopu ya khaki imene mwaisunga m'chikwama chanu kuyambira sabata yoyamba, ndipo lero potuluka m'chipatala munaipereka m'manja mwanga. M'menemo muli kalata yonditulutsa m'chipatala, kalata ya lero ya dokotala, pepala la mankhwala, tikiti imene munaisinthitsa kawiri, ndiponso chilolezo chowonjezera masiku anga okhala m'dziko lino. Za chilolezo chimenechi ine ndinali nditaiwaliratu. Ndili gone pa dripi, inu munatsegula pasipoti yanga n'kuona kuti masiku amene anandipatsa polowa atsala pang'ono kutha, ndipo munapempha tchuthi kuntchito n'kukaima pamzere ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, kalata ya chipatala ili m'manja. Mukanapanda kutero, lero ndikanafika pano ndili wolakwira lamulo popanda kudziwa. Ndinunso amene munaimbira kampani ya ndege kudakali maola oposa 48 kuti ndinyamuke, monga amafunira, kupempha mpando wamatayala umene ndakhalapowu, ngakhale ine ndinkakana chifukwa cha manyazi. Munanena zoona, sindikanatha kuyenda mtunda wonse wa m'bwalo lino.

Pochokera kuchipatala ndinakupemphani chinthu chimodzi, chakuti ndiuoneko mzinda umene ndinadzera. Zinandimvetsa chisoni kuzindikira kuti m'masabata asanu ndadziwa msewu umodzi wokha, wochokera kunyumba kwanu kupita kuchipatala, ndipo ndimaudziwa ndi mabampu ake, chifukwa pa lililonse ndinkagwira pamimba inu n'kuchepetsa liwiro. Simunanene kuti nthawi yachepa, ngakhale inali itachepadi. Munandiyendetsa pang'onopang'ono m'malo amene tinalemba papepala tsiku limene ndinafika, ine ndikuonera pazenera, inu mukundilozera nyumba imene munayambira ntchito ndi njira imene munkasochera mutangobwera kumene. Pamalo amodzi pamene pali mitengo ndi mabenchi munaimitsa galimoto, ndipo tinayenda pansi pang'ono, dzanja langa lili paphewa panu. Sitinalankhule zambiri. Ndinamva mphepo pankhope ndi phokoso la anthu opita ku zochita zawo, ndipo misozi inangoyamba kutsika yokha, chifukwa panali usiku wina m'chipatala muja pamene thupi linatentha kwambiri moti ndinaganiza kuti sindidzaonanso kunja.

Ndithokozenso alamu anga, amuna anu, amene analola kuti nyumba yawo isanduke wodi, ndipo ankadzuka pakati pa usiku kukaliza galimoto popanda kudandaula. Ndithokoze ana anu amene anasiya chipinda chawo n'kumagona pabalaza, makamaka wamng'ono uja amene m'mawa uliwonse ankagogoda n'kufunsa kuti, "Azakhali, lero kukupweteka?" Masana ano nditapita kukayalula bedi lake kuti ndimubwezere, ndinapeza pansi pa pilo kapepala kamene anajambulapo ndege, pazenera pake pali munthu womanga bandeji pamimba. Kapepalako ndakaika mu envelopu ija pamodzi ndi makalata a madokotala.

Kwa madokotala ndi anamwino amene anandisamalira, amene ena mwa iwo sindinawaone nkhope chifukwa ndinali m'tulo ta mankhwala, Mulungu akudalitseni pa ntchito ya manja anu. Kwa abale anga amene munasonkherana kuti ngongole ya chipatala ichepe, anzanga a kuntchito amene munagawana ntchito yanga, ndi onse amene munkapemphera ndi kutumiza mauthenga, ndalandira zonse ndipo ndidzakuthokozani mmodzimmodzi ndikafika.

Sindibisa kuti pali china chimene chinandiwawa. Mumzinda uno muli anthu a magazi anga, ena amene ndinawalandirapo pakhomo panga pamene zinthu zinawavuta, ndipo onse anamva kuti ndagonekedwa. Ena anati tibwera mawa, ndipo mawa limenelo silinafike mpaka lero pamene ndikunyamuka. Ena anangolemba mawu a pepani pa Facebook, pamene kuchoka kwawo kufika kuchipatala ndi ulendo wosakwana ola limodzi. Sindikusunga mangawa, ndipo ndikupempha Mulungu kuti andichotsere kuwawidwa mtima kumene kwatsala, koma ndikanakhala wabodza ndikanalemba ngati kuti tonse tinali limodzi m'masiku amenewa. Amene anagona pa mpando wolimba pambali pa bedi langa usiku 6 wotsatizana, m'mawa n'kupita kuntchito maso ali psuu, si wa magazi anga.

Achemwali, madzulo ano tisananyamuke ndinayesa kukupatsani ndalama zochepa zimene zinanditsalira, kuti zithandizeko pa mafuta a galimoto ndi zina zambiri zimene mwawononga chifukwa cha ine. Munazitenga, n'kuzibwezera m'thumba la jekete langa, n'kutseka zipi, ndipo munati ndikagulire mankhwala akatha awa. Kenaka munasanthula chikwama changa cha m'manja komaliza, munachotsa botolo la mafuta odzola chifukwa linapyola mamililita 100 amene amalola, ndipo mankhwala onse munawaika pamwamba pamodzi ndi pepala la dokotala kuti asapite m'sutikesi, poopa kuti ikasochera panjira ndingakhale wopanda chomwa. Tinagwirana manja tonse pabalaza paja, alamu anatsogolera pemphero, ndipo inu simunathe kunena ameni chifukwa mawu anakutsamwani.

Ambuye Mulungu, Inu amene munaona zonse zimene mayi ameneyu anachita usiku popanda womuona, mukumbukireni. Dalitsani nyumba yake, ntchito yake ndi ana ake, ndipo tsiku limene iye adzafune dzanja lomugwira, musalole kuti adzalisowe. Ngati n'kotheka, lolani kuti dzanja limenelo lidzakhale langa.

Pano pa bwalo la ndege munanyamulanso sutikesi ija nokha n'kuiika pa sikelo yawo, ndipo itaonetsa kuti sinapyole munandiyang'ana n'kumwetulira koyamba lero. Munayenda pambali pa mpando wanga mpaka pamene operekeza saloledwa kupitirira, munandikonza kolala ya jekete, n'kundiuza kuti ndikutumizireni uthenga ndege ikangotera ngakhale kutakhala pakati pa usiku, chifukwa simugona musanamve. Mnyamata wondikankha atatembenuza mpando ndinacheuka, ndipo munali chiimire pomwepo, makiyi a galimoto ali m'manja. Tsopano ayamba kuitana, ndipo akuti ife a pa mipando yamatayala ndife oyamba kulowa. Zikomo kwambiri achemwali anga, ndikakutumizirani uthengawo ndikangofika.