Mpando wa Nsangalabwi

Ndinaphunzitsa mbiri yakale kusekondale zaka 31, ndipo palibe mwana anadutsa m'manja mwanga osamva za Julius Caesar. Mpaka lero ena akandiona kumsika amagwedezana, "A Kaisara awo." Tsono mwayi utapezeka woti ine ndi amayi a kunyumba tipite ku Roma mu Julayi 2025, chaka cha Jubili, tulo tinandithawa. Amayi mtima unali pa Khomo Loyera la tchalitchi cha Petulo Woyera. Ine wanga unali pa mabwinja.

Ndinasoketsa suti yotuwira, ndi kugula nsapato zosongoka zija zolira ukamayenda. Amayi anati, "Abambo, akuti kumeneko ino ndi nyengo yotentha." Ine ndinati Julayi ndi Julayi basi, kwathu ku Dedza mwezi umenewu timagona ndi juzi. Mphunzitsi wathunthu, amene ankakwapula ana chifukwa cha nkhani yomweyi ya kusiyana kwa nyengo.

Ku Roma anatilandira mwana wa mlongo wanga, sisitere amene akuchita maphunziro kumeneko. Tsiku la mabwinja litakwana anati, "Amalume, ku Colosseum mukaima pamzere mpaka miyendo kutupa. Tiyeni ku Ostia Antica, kulibe chipwirikiti." Tinakwera sitima pa Porta San Paolo, ulendo wa theka la ola, ndipo njira yonse ndinali m'kalasi. Ndinawauza kuti Ostia linali doko la Roma, pamene mtsinje wa Tiber umathira m'nyanja, ndi kuti tirigu wochokera ku Africa wodyetsa mzinda wonse ankatsikira pamenepo. Kenaka mtsinje unaunjika matope mpaka nyanja kusunthira kutali, malonda nkuzilala, malungo nkumalizitsa otsalawo. Malungo omwewa a udzudzu, anagonjetsa anthu amene anagonjetsa dziko. Amayi ankangogwedeza mutu, maso ali pakolona.

Tinalowa cha m'ma 10 koloko, dzuwa litayamba kale kuswa mtengo. Kutentha kwake ngati kwa ku Nsanje mu Okutobala. Msewu waukulu wa mzindawo, Decumanus Maximus, ndi woyalidwa miyala ikuluikulu yakuda, yosalala ngati mphero ya agogo, ndipo nsapato zanga sizinagwirizane nawo. Phazi lina likapita kum'mawa, linzake kumadzulo. Pofika pabwalo la zisudzo limene anamanga Agrippa, mkamwini wa mfumu Augustus, zidendene zonse ziwiri zinali ndi matuza. Koma sindinatsike pampando wa uphunzitsi. Kuseri kwa bwalolo kuli malo amene munali maofesi a amalonda, ndipo pakhomo lililonse pansi pali chithunzi cha timiyala takuda ndi toyera chosonyeza malonda awo. Nditaona njovu ya amalonda a ku Sabratha, ku Libya ya lero, ndinakweza mawu kuti ngakhale azungu odutsa amveko. "Mwaona? Africa inalipo pano!"

Tili chiyendere tinapeza mpopi wachitsulo, madzi akungotuluka, popanda munthu wotunga. Ndinayang'ana potsekera, palibe. Mtima unandipweteka. Munthu amene unadulidwapo madzi chifukwa cha bilu sungaime nkumaonerera zoterozo. Sisitere anali patsogolo ndi amayi, ndiye ndinati ndithandize boma la Italy. Ndinaima chakutsogolo kwake, miyendo tang'a, ndi kutseka kukamwa kwa mpopiwo ndi chala chachikulu.

Zimene sindinkadziwa nzakuti mipopi imeneyi, imene eni ake amaitcha nasoni, kutanthauza zimphuno, ili ndi kabowo kena pamwamba. Anakaboola dala. Ukatseka kukamwa, madzi amatumphira pakabowoko kuti umwe bwino popanda kapu. Aroma onse, ngakhale ana a mkaka, amadziwa zimenezi. Ine madziwo sanabwere kukamwa. Anati tsiii, kulunjika pazipi penipeni, ndipo chifukwa chodzidzimuka ndinakanikiza chala kwambiri m'malo mochotsa. Suti yotuwira ikanyowa sibisa. Chigamba chakuda chinayambira palamba nkutsetsereka mwendo wakumanzere mpaka m'bondo, mapu enieni a Nyanja ya Malawi.

Amayi atacheuka anangoti, "Abambo!" Mawu amodzi, koma munali zonse. Sisitere anaphimba kukamwa ndi mpango wakumutu, mapewa akugwedezeka. Ndinawauza kuti apitirire okha. Amayi ankafuna kumva za Monika Woyera, mayi wake wa Augustino, amene anamwalirira mu Ostia momwemo m'chaka cha 387, komanso ankafuna kodzithandizira. Ine ndinati ndikhale penapake ndiume.

Mulungu si Jemusi, ndinapeza malo. Pafupi ndi mabafa akuluakulu a pakati pa mzinda panali kachipinda kopanda denga, kamthunzi mbali imodzi, ndi benchi ya nsangalabwi yozungulira m'khoma. Yozizira bwino. Pabenchipo panali mabowo ozungulira, ondandalikana mwadongosolo, ngati makumi awiri. Ndinawayang'ana ndi diso la katswiri. Tinali titangoona kumene kanyumba kogulitsiramo zakudya ndi vinyo, tsono mutu unagwira ntchito msanga: apa mpamene ankakhazikapo mitsuko kuti isagubuduke. Ngalande yaing'ono yodutsa kumapazi? Yotsukiramo makapu. Ndinadziyamikira ndekha, ndi kusunga mfundoyo kuti ndikawaphunzitse akabwera.

Ndinakhala pabowo limodzi, chifukwa ndinaona kuti kamphepo kakulowera pansi kangathandize kuumitsa. Ndinavula nsapato ndi masokosi. Ndinamasula lamba ndi batani kuti mpweya uzidutsa. Hanki imene ndinapukutira thalauza ndinaikulunga kunsonga ya ambulera yanga kuti iume, ambulerayo nkuigwira m'manja ngati ndodo yaufumu. Dzanja linalo linatulutsa buledi wa tchizi amene masisitere anatikonzera. Kunena zoona, chifikire ku Roma ndinali ndisanamve kukoma ngati nthawi imeneyo. Ndinatsinzina, nkumalingalira kuti zaka mazanamazana zapitazo bambo wina wolemekezeka anakhala pomwepa.

Pa mfundo yokhayi ndinalondola.

Ndinadzidzimuka ndi mapazi. Gulu la alendo, anthu ngati 30, linali litadzaza pakhomo, patsogolo mayi wotsogolera atanyamula kambendera. Ankayenda chambuyo, nkhope kwa anthu ake, ndiye sanandione. Ankalankhula Chingerezi chomveka bwino, chimene ndinalakalaka ndikadapanda kuchimva. Anati amayi ndi abambo, takulandirani kuchimbudzi cha anthu onse. Anati Aroma ankakhala pano mondondozana, phewa ndi phewa, popanda chotchinga, nkumakambirana za mitengo ya tirigu. Pansi pa benchi pankadutsa madzi okokolola zonse.

Buledi anaima pakhosi.

Anthu aja sankayang'ana mayiyo. Ankayang'ana ine: bambo wa imvi, wa tayi, wopanda nsapato, lamba lendee, thalauza lonyowa, ali khale pabowo, tsaya litatupa ndi chakudya. Mayiyo anapitiriza. Anati pepala kunalibe, ndipo ambiri amakhulupirira kuti ankagwiritsa ntchito chinkhupule chomangirira kunsonga ya ndodo, chimene ankachitsukuluza m'kangalande ako, wina akatha nkusiyira mnzake. Mitu 30 inatembenuka pamodzi kuchoka pankhope yanga kupita kunsonga ya ambulera.

Kunali zii. Kenaka kamnyamata kena kanafunsa bambo ake, mokweza ngati kali kumunda, ngati bambo awo ali m'gulu la zoonetsa. Mkulu wina wa chipewa chachikulu anayamba kuwomba m'manja. Ena anamutsatira. Mafoni anatuluka ngati ngumbi. Mayi wina wokalamba anabwera mwaulemu ndithu, nkuika ndalama yachitsulo ya ma euro awiri munsapato yanga yakumanja.

Ndikanaimirira, koma lamba anali womasula, ndipo ndinkadziwa kuti thalauza silinyamuka nane. Ndikanafotokoza, koma m'kamwa munali buledi. Ndinachita chokhacho chimene mphunzitsi wopuma angachite: ndinakweza ambulera pang'ono ndi kuweramitsa mutu, ngati mfumu ikulandira anthu ake.

Gulu litapatuka ndinaona anthu awiri ataima kumbuyo. Sisitere anali atatsamira khoma, misozi ili mbwe, foni ili m'mwamba. Amayi sanaseke. Anayenda pang'onopang'ono, anatola ndalama ija munsapato, kuiyang'ana mbali zonse ziwiri, nkuimanga pamfundo ya chitenje. Atatero anagwada pang'ono, monga amachitira pakakhala alendo, nkufunsa ndi mawu ofatsa:

"Mwamaliza, abambo, kapena tidikire panja?"

Ndinapempha sisitere, monga malume wake, kuti chithunzicho chisatuluke mufoni. Analumbira. Koma titatsika basi pa Dedza, mnyamata wa kabaza amene ndinamuphunzitsa Fomu 2 anandilandira chikwama, nkundifunsa ngati a Kaisara akufuna wapakumbuyo wamba kapena awapezere wobowola.