Naomi Girma, mtsikana wotchinga kumbuyo uja, wapita ku Chelsea

Ndangoona pafoni Naomi Girma akuyenda pabwalo la Stamford Bridge, anthu akumuombera m'manja masewero a Chelsea ndi Arsenal asanayambe, ndipo mtima wanga wadzaza. Wachoka ku timu ya ku America ya San Diego Wave kupita ku Chelsea pa ndalama zoposa madola 1 miliyoni, koyamba mu mpira wa amayi. Amene anali pamwamba pa mtengo anali Racheal Kundananji wa ku Zambia, uja anapita ku Bay FC mu 2024, koma iyeyo ndi womwetsa zigoli. Lero ndalama zazikuluzi zapita kwa wotchinga kumbuyo!

Inu amene timaonera limodzi mpira mukudziwa mmene ndimadandaulira. Tikamakamba za Temwa ndi Tabitha Chawinga timatchula zigoli, ndipo nkoyenera. Koma mtsikana amene amaima kumbuyo, kuwerenga mpira usanafike, kulanda popanda kugwetsa munthu, dzina lake silimveka pa wailesi. Girma anasewera mphindi iliyonse pa masewero a Olimpiki ku Paris mu 2024 pamene America inatenga golide, ndipo ankasewera modekha ngati palibe chomuthamangitsa. Makolo ake ndi a ku Ethiopia, anakulira ku San Jose ku California, anaphunzira ku yunivesite ya Stanford.

Chimene ndikuganizira ndi ulendo wakewu. Wasiya California, kwawo kumene, kupita ku London mkati mwa Januwale 2025, kuzizira kuli pachimake, ligi ili pakati. Mwana wa mlongo wanga amasewera kumbuyo kusukulu kwawo, ndipo ndamutumizira kanemayu kawiri kale.